Palafini wa Gulu Lachiwiri ndi Ndevu za Mlamu Wanga

Kwa Bwana Mkulu,
Ofesi Yoona za Moto ndi Zinthu Zoyaka.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada, chipewa chili m'manja. Ndine kalipentala uja wa kuseri kwa msika, amene munamutsekera shedi masabata atatu apitawo. Sindikudandaula ayi. Munthu wa sitandade faifi angadandaule chiyani pamaso pa anthu amene anauphunzira moto mpaka kunja? Ndangoti ndithokoze.

Choyamba, zikomo chifukwa cha tchati chimene insipekitala wanu wa tayi uja anatikhomera pakhoma. Chisanabwere, ife mbuli tinkangodziwa kuti chilichonse chonunkha mafuta chimayaka, ndipo tinkachiika kutali ndi machesi. Tchati chinatitsegula maso. Chinati petulo ndi sipiliti ndi gulu loyamba, la zopsa mtima, zimene zimagwira moto ngakhale kukuzizira. Palafini ndi dizilo ndi gulu lachiwiri, la zofatsa, zimene sizigwira moto pokhapokha zitatentha kupitirira madigiri 38. Insipekitala analamula kuti gulu loyamba litsekeredwe m'kabati yachitsulo, ndipo tinatsekera. Nditamufunsa za beseni la palafini limene timatsukiramo maburashi, anaseka n'kunena kuti, "Ameneyo ndi wa gulu lachiwiri, madala, alibe vuto. Musiyeni pomwepo."

Chachiwiri, ndikupepesa m'malo mwa palafini wathu. Sanapite kusukulu, ndipo tchati sanawerenge. Shedi yanga ndi ya malata pamwamba ndi m'mbali momwe. Dzuwa likafika paliwombo, kandulo imapindika yokha pashelefu ndipo hamala sigwirika. Ndamva kuti kwanuko kuli makina oziziritsa, moti alembi amavala majuzi masanasana. Mwina n'chifukwa chake simunaganize kuti palafini wa kwa amphawi amatha kudzikweza gulu popanda kalata ya ku ofesi.

Mlamu wanga, amene amapaka vanishi, akupereka moni. Anthu ankamutcha Chindevu. Lachiwiri lina masana anayatsa ndudu ataima pambali pa beseni, mosatekeseka, ngati munthu amene anamva yekha mawu a insipekitala. Lero ndevu alibe, nsidze alibe, manja onse ali m'mabandeji, ndipo mlongo wanga akumudyetsa ngati khanda. Moto unanyambita matabwa, mabedi a eni ake, ndi tchati chanu chomwe. Kabati yachitsulo ija ndiyo inatsala. Petulo ali bwinobwino, nayenso akupereka moni.

Chachitatu ndi lipoti lanu. Chingerezi chake n'chokoma, anandiwerengera ndi mphunzitsi amene ndayandikana naye nyumba. Likuti palafini sakanayaka poti ndi wa gulu lachiwiri, choncho ine ndiyenera kuti ndinathira petulo m'beseni mobisa. Apa pokha, bwana, mtima unandipweteka. Zaka makumi awiri ndi zitatu ndikupala matabwa, sindinanamizepo munthu ngakhale pa msomali umodzi. Laisensi mwandilanda, chabwino. Koma mlongo wanga, wobadwa naye bere limodzi, sakundilankhula. Nditapita kukazonda matenda anandibweza pakhomo, amvekere, "Achimwene, pepala la chidindo linganame?" Ndinangobwerera ndi nthochi zanga.

Ndiye pempho langa ndi laling'ono. Malata sanapse, ndawakhomanso mmene analili. Ndabwereka zida kwa mnzanga n'kukupangirani mpando wabwino wotsamira, woyenera munthu wa udindo wanu. Bwerani Lachiwiri likudzali dzuwa lili paliwombo. Palafini mubwere naye nokha, kuti pasakhale zonena kuti ndasakaniza. Tidzamuthira m'beseni, inu mudzakhala pambali pake, tidzatseka chitseko kwa ola limodzi, kenako mudzayatsa machesi ndi dzanja lanu lomwe linasaina lipoti. Ife mbuli tidzaima kutsidya kwa msewu, ndipo ndidzamupempha mlongo wanga kuti adzaonerere.

Lipoti likakhala loona, laisensi khalani nayo, ndipo ndidzavomera pamaso pa anthu kuti ndine wabodza. Likapanda kutero, musadere nkhawa, bwana. Adokotala atitsimikizira kuti nsidze zimameranso.

Ine wanu wa gulu lotsiriza,
Kalipentala wa kuseri kwa msika.