Zoyambira za ku Joni

Lolemba

Ndaganiza basi. Loweruka likubwerali Velonika wanga akulandira Ukaristia woyamba, ndipo ine mayi wake ndiphika chinthu chimene mudzi uno sunalawepo.

Mpunga ndi nkhuku, Amayi akonza kale. Diresi loyera, Amayi. Kandulo, Amayi. Kolona, Amayi. Ine ndangofika mwezi watha kuchokera ku Joni ndi chikwama chimodzi ndi msana wowawa, ndapeza zonse zili m'manja mwa eni ake. Mwanayu ndinamusiya akuyamwa chala, lero mutu wake ukundifika paphewa. Agogo ake ndiwo amawaitana "Amayi." Ine ndine "aanti."

Koma chilipo chimodzi chimene agogo akewo sadziwa. Kwa adona kumene ndinkagwira ntchito, alendo akabwera ndinkaphika tizakudya tina. Ufa wokandakanda kale wa m'paketi, umangoudula timagawo ting'onoting'ono, pamwamba kachidutswa ka apozi, tchizi chofewa pang'ono, kadontho ka uchi, mu uvuni, basi. Tiyi asanazizire zapsa. Zimafufuma masambamasamba, ukaluma zimangoti tswa! Alendo ankatha mbale yonse ataimirira, n'kumayamikira adona.

Zofunika:
maapozi
tchizi chofewa
ufa wa m'paketi uja
uchi (ulipo pang'ono m'botolo la Amayi la chifuwa)
uvuni (tiona)

Amayi akufunsa: "Ndiye zimenezozo ndi ndiwo kapena zomwera tiyi?" Ndikuti ndi zoyambira, zodya usanadye chakudya chenicheni, anthu ali chilili. Akuti: "Ooo. Ndiye kuti azungu akowo nawonso amadya pa chiimilire."

Zosavuta izi. Ndaphikapo kosawerengeka!

Lachiwiri

Ku Limbe. Dzuwa lake ngati ndalilakwira.

Ufa wa m'paketi kulibe. Sitolo yoyamba kulibe, yachiwiri mtsikana wake akundilozera ku zitumbuwa. Tchizi chofewa ndachipeza m'sitolo yaikulu. Ndaona mtengo, ndachibweza pamalo pake mwaulemu ngati ndikugoneka khanda la eni.

Palibe kanthu. Ufa ndikanda ndekha. Tchizi ndipanga ndekha, amalume ali ndi ng'ombe ya mkaka imene anaitenga ku Mikolongwe. Anthu ankadya tchizi masitolo asanabwere.

Ndagula fulawa, majalini, mandimu ndi maapozi anayi. Anayi okha, koma ukadula mopyapyala amakwana mpingo.

M'minibasi jumbo yanga yakhala pamwamba pa injini, pomwe pamatentha paja. Pofika pa Namitambo majalini wasanduka mafuta, wadontha mpaka m'nsapato za bambo wina wovala tayi. Akuti: "Mayi, katundu wanu akutuluka thukuta."

Ndafika kunyumba, ndayala maapozi m'mbale patebulo kuti Velonika aone. Wawayang'ana, wafunsa: "Aanti, ndani wadwala?"

Lachitatu

Maapozi atatu. Amayi apereka limodzi kwa mnzawo wa ku Likoswe amene wagonekedwa kuchipatala cha mishoni. Akuti: "Nanga maapozi ntchito yake n'chiyani? Iwe uli bwinobwino." Ungakangane ndi wodwala?

Lero ndi la tchizi. Amalume abweretsa okha mkaka m'chigubu, akhala pakhonde kuti aone luso la ku Joni. Ndawiritsa mkaka. Ndafinyiramo mandimu. Wagawanika, madzi kwawo, mibulu kwawo, monga mmene ziyenera kukhalira. Amalume aimirira, avula chipewa.

"Mphwanga, ng'ombe ija ndimaimwetera udzu ndekha m'mawa uliwonse. Ndiye iwe wauwononga dala?"

Ndikuti ndi mmene amapangira. Akuti mkaka wotere akapita nawo kumalo ogulitsira amawabweza nawo anthu akuwona.

Ndasefa pa kansalu koyera kamene ndapeza kopindidwa bwino m'dengu, ndamanga, ndapachika pa nthambi ya mango kuti kadonthe. Chigubu chonse chija chatulutsa kambulu kosakwana chibakera cha mwana. Amalume ayang'ana kambuluko nthawi yaitali. Popita atenga apozi limodzi, akuti n'lopepesera ng'ombe.

Maapozi awiri.

Kansalu kaja ndi mpango wa Amayi wovala ku gulu la amayi a kutchalitchi. Chikhalirecho sakundiyankhula, akungoimba nyimbo za pa Lenti.

Lachinayi

Ufa umenewu uli ndi mwambo wake. Umafuna kuzizira. Ukande, upake majalini, upinde, uziziritse. Utulutse, utambasule, upinde, uziziritsenso. Kwa adona filiji inali pambali pa chigongono changa. Kuno filiji yapafupi ndi ya amake Yosefe, ogulitsa mafilizesi pa Namitambo, ndipo pakati pathu pali dambo, munda wa nandolo ndi chitunda.

Ndakanda. Ndatambasula ndi botolo. Ndapinda. Beseni pamutu, ulendo. Tchizi changa ndachitenganso kuti chikagone komweko.

Amake Yosefe andilandira bwino, andipezera malo pakati pa mafilizesi ndi nsomba za kalapawo. Ndadikira pabenchi. Ndatenga ufa, ndabwerera kunyumba kukapinda. Pofika wafunda. Ndabwereranso. Ulendo wachitatu ndanyamula botolo ndi thabwa kuti ndizipindira komweko, kuseri kwa sitolo, anthu a kabaza akundionerera.

Ndipamene magetsi azima.

Amake Yosefe akuti: "Osadandaula asisi, mwina abwera madzulo, mwina mawa. Osangotsegulatsegula."

Aliyense wobwera kudzagula filizesi akumuuza. "Muli ufa wa asisiwa umu, ukupuma. Loweruka kwawo kuli chakudya cha ku Joni." Mayi wina wafunsa ngati ufawo watentha thupi. Wina akuti abwera ndi ana ake adzalaweko. Oimba kwaya amva. A mphakati amva. Bambo wa tayi uja nayenso wamva, sindikudziwa bwanji.

Miyendo yatupa. Ku Joni ndinkatopa, koma amandilipira.

Lachisanu

Magetsi anabwera mbandakucha, anthu asanadzuke, n'kupitanso. Ufa wanga wanyowa madzi a mafilizesi, mbali imodzi wafiira. Tchizi chikununkha kalapawo. Ndachinunkhiza kawiri kuti mwina mphuno ndi imene yalakwa. Ayi ndithu. Nsomba yeniyeni, kungosowa minga.

Uvuni kulibe. Ndichita ngati chigumu: mbaula pansi, makala ena pa chivindikiro. Ndadula apozi limodzi loyesera, mopyapyala moti ukhoza kuwerengera nyuzipepala.

Zotsatira:
pansi, makala
pamwamba, phala
pakati, sindikudziwa
majalini yense watuluka, wagwira moto, chivindikiro chauluka, nkhuku ya mawa yadula chingwe

Taithamangitsa mpaka kumunda kwa amalume. Amayi ndi amene aigwira. Pa msinkhu wawowo!

Ndayesanso ndi moto wochepa. Sizikufufuma. Zangokhala phwathalala ngati zidendene.

Ndili mkati molimbana ndi poto, maso akulira utsi, Velonika watulukira pakhomo atavala diresi lake loyera. Telala wangolibweretsa kumene. Waima patali kuopa mwaye, manja kumbuyo. Akuti: "Aanti, taonani." Ine osatembenuka n'komwe: "Dikira kaye, zindipserera izi." Nditatembenuka wapita. Ndikumva kuchipinda agogo ake akululutira, akumuzungulitsa, akuti tayenda tione.

Zapserera ndithu.

Ndalowa m'nyumba wavula kale, diresi lapachikidwa, wapita kutchalitchi kukalapa ndi anzake. Ndaima pamenepo ndi manja amafuta, osatha kulikhudza n'komwe.

Apozi limodzi. Ndalibisa m'chikwama cha pasipoti.

Loweruka

Misa inali yabwino. Ana onse oyera mbee, makandulo m'manja, akuyenda pang'onopang'ono ngati anyamula madzi odzaza. Wanga wachitatu kutsogolo. Kuti ndi wamtali chonchi sindimadziwa. Ndalira, ndapukuta ndi chitenje, chitenjecho chikununkha utsi wa dzulo.

Kunyumba anthu adzaza bwalo. Ena sindikuwadziwa. Onse akuyang'ana kukhitchini.

Amayi andipeza nditagwira beseni la ufa wotsala, ndikungouyang'ana. Sanandinyoze. Atenga chiwaya, athira mafuta, akuti: "Ponya umu, mwanawe. Palibe chimene mafuta otentha amachikana." Apozi lomaliza ndalipala timizere, ndasakaniza mu ufa, uchi wa chifuwa pamwamba. Tchizi ndapatsa galu wa amalume. Wanunkhiza, wandiyang'ana, wachoka.

Ndagawa. Kuti zikwane, aliyense kamodzi, kakang'ono ngati batani la jekete.

Zimene ndamva:
"Mandasi a ku Joni safufuma eti?"
"Mwina ndi ufa wakumeneko."
"Apoziyo ali mbali iti? Ine changa mulibe."
"Ndi zabwino, koma munthu osadalira."
Amalume: "Ng'ombe yanga ili pati pamenepa?"
Amake Yosefe, Mulungu awadalitse: "Kuzizira kwa filiji yanga kukumveka."

Kenako mpunga ndi nkhuku zatuluka, anthu akhala pansi, bwalo lonse zii, mano okha. Za ku Joni zaiwalika pomwepo.

Velonika ndamusungira chachikulu, chokhala ndi apozi looneka. Walandira ndi manja awiri, wagwada pang'ono monga amachitira kwa alendo. Waluma. Watafuna nthawi yaitali. Akuti: "Zikomo. Chotsalachi ndidya nthawi ina." Wachikulunga m'pepala mosamala kwambiri.

Mwanayu analeredwa bwino. Si ine ndinamulera, koma analeredwa bwino.

Lamulungu

Thupi lonse likuwawa. Misa yoyamba yandidutsa.

Zotsala pa sabata yonse:
poto wobooka
mpango wa Amayi, wachikasu pakati, ndichapa mpaka Khirisimasi
fulawa theka la jumbo
amalume osandipatsa moni

Amayi akutola makala ozima m'mbaula, akufunsa osandiyang'ana: "Ndiye zaka zonse zija unkaphika zimenezi?" Ndikuti eya, koma kumeneko zimatheka. Akuti: "Iwe unkadya nawo?" Ndaganiza. Ndikuti ndinkalawa zopserera, kukhitchini, alendo atapita. Kenako andithirira tiyi m'kapu yawo yaikulu ija, shuga masipuni atatu, osafunsa.

Za maapozi ndasiya. Anthu a kuno adye mbatata, palibe chimene alakwa.

Masana ndagona pamphasa pansi pa mango. Ndamva wina waima pambali panga. Velonika, chipeso m'manja, kabotolo ka mafuta, ulusi wakuda. Akuti agogo ake maso sakuonanso bwino, mizere imakhota, anzake kusukulu amamuseka. Sanapemphe. Wangoima.

Ine kuluka ndinasiya kalekale, zala zinazolowera mopu. Ndamuuza kuti zitenga nthawi ndipo mwina zipweteka. Akuti alibe kopita.

Wakhala pakati pa miyendo yanga, wandipatsa msana. Mzere woyamba wakhota. Ndamasula, ndayambanso. Wachiwiri nawo wakhota, koma pang'ono. Wachisanu usanathe mutu wake walemera pabondo langa, wagona tulo, pakamwa pali yasa.

Mwendo wachita dzanzi kalekale. Mbali imodzi ya mutu ndi yoluka, inayo ili nyankhalala, ndipo mawa ndi sukulu. Ndikulemba izi ndi dzanja limodzi, kope lili pamphasa.

Sindimudzutsa.