Anandigwira Makutu Pamaso pa Dokotala

Ine sindikonda zolankhulalankhula. Koma nkhani iyi anthu a mu Ndirande akuikamba mokhotetsa, ndiye bola ndiinene ndekha. Zoona, mkazi wanga anandigwira makutu pagulu. Chimene sakunena ndi chifukwa chake.

Ndine wowotcherera zitsulo. Ntchito ndinaiphunzira ku Makata, m'fakitale, kwa anthu oidziwa. Pano ndili ndi shedi yanga kumsika. Mageti, mafelemu a mawindo, mabedi. Geti langa wakuba amangoliyang'ana n'kupitirira. (Funsani.)

Zaka zapitazo anandichotsa ng'ala m'maso onse awiri. Ndinaona bwino. Kenako chifunga chinayambanso, makamaka diso lamanja. Ndikagwetsa helemeti kumaso, mzere wolumikiza zitsulo sunkaoneka. Ndinayamba kuwotcherera pambali. Makasitomala ankadutsa pa shedi ngati sakundidziwa. Wowotcherera wosaona mzere, ntchito yatha basi.

Kuchipatala cha maso ndinapeza dokotala wamkazi, msinkhu wa mwana wanga Jeni. Anandiunika ndi tochi yake.

"Bambo, ng'ala sinabwerere ayi. Kuseri kwa kagalasi kamene anakuikani m'diso kwayala kakhungu. Tikabowola ndi kuwala kwa makina, timati leza. Palibe mpeni, palibe kugonekedwa."

"Kubowola ndi moto?"

"Tinene choncho."

Mtima unakhala pansi. Imeneyo ndi ntchito yathu yomwe.

Tsiku litakwana ndinanyamuka ndi mayi a Jeni. M'jumbo ndinaikamo helemeti.

"Abambo a Jeni, chimenecho n'chachiyani?"

"Ntchito ya moto."

"Mukandichititsa manyazi inu."

Munthu amene sanamvepo maso akuswa ngati mwathiridwa mchenga sangamvetse. Lamulo loyamba ku Makata linali lakuti moto suuyang'ana ndi diso losaphimba.

Tinakhala pabenchi ndi anthu ambiri. Namwino anatidonthezera mankhwala m'maso. Kenako anandiitana. Makinawo ndi aang'ono, ngati osokera zovala. (Ndinakhumudwa pang'ono.) Pali poika chibwano ndi potsamira chipumi. Dokotala atatembenuka kuti asambe m'manja, ine ndinavala helemeti n'kukhala pamalo anga, wokonzeka.

Atacheuka anakuwa. "Mayo!"

Namwino analowa chothamanga, chitseko n'kuchisiya chotsegula. Benchi yonse inasuzumira.

"Bambo, ndibowola bwanji diso lili m'chitini?"

"Nanga inuyo yanu ili kuti?"

"Vulani."

Ndinavula. Pamalo a ntchito a mnzako sulimbana.

Dokotala anandiika kagalasi kena padiso kuti chikope chisatseke, iye atakagwira ndi zala.

"Muziyang'ana kakuwala kofiirako. Mumva kulira kuti tha, tha. Musasunthe."

"Ine ndimagwira rodi yowotcherera tsiku lonse osanjenjemera," ndinatero.

Apa ndifotokoze kaye. Wowotcherera manja onse amakhala ndi ntchito, lina rodi, lina chitsulo. Helemeti imakhala pamwamba pa mutu. Moto ukati uyake, umagwedeza mutu kamodzi, mwamphamvu, helemeti n'kugwera yokha kumaso. Ndakhala ndikuchita zimenezo kuyambira ndili ndi tsitsi. Khosi silifunsanso kwa mwini wake.

"Tikuyamba," anatero dokotala.

Khosi linamva. Gu! Chipumi pa chitsulo cha makina. Kagalasi kaja kanagwa, namwino n'kumakwawa pansi pa tebulo kukafufuza.

"Mwatani, bambo?"

"Palibe."

Anakatsuka, anakaikanso. Ulendo uno sanandichenjeze. Mochenjera ndithu. Koma kakuwala kaja katangoti waa, gu! Pamalo pomwe paja. Pabenchi wina anaseka mpaka kutsokomola.

Dokotala anakankha mpando wake n'kupinda manja.

"Bambo, ili ndi diso, si geti. Ndikaphonya palibe kulumikizanso. Mukagwedeza kenanso ndikusiyani, mubwerere kwanu ndi chifunga chanu. Panja pali anthu akudikira."

Ndinaona shedi yanga itatsekedwa, ine nditakhala pakhonde kumadikira kuti Jeni atumize chakudya. Ndinaliuza khosi kuti likhale chete. Koma ndinkadziwa kuti silimva. Ndinaliphunzitsa bwino kwambiri.

Apo n'kuti mayi a Jeni ali kale pakhomo, akumanga chitenje.

"Adokotala, pepani, ndipatseni ine. Mutu umenewu ndinaudziwa kale."

Palibe anawaitana. Palibenso anawaletsa. Anaima kumbuyo kwanga, bondo pamsana, dzanja lili pakhutu ili, lina pakhutu ilo. Anthu inu, mayi amene amafinya mabulangeti pamanja musamawaderere. Vayisi yopanira zitsulo ya ku Makata sinkagwira choncho.

"Gwedezani tione," anandinong'oneza.

Tha. Khosi linayesa. Makutu anakana. Tha, tha, tha. Moto ndinauyang'ana maso ndi maso, popanda chophimba, koyamba m'moyo wanga. Misozi inatuluka. (Inali ya mankhwala aja.)

"Basi, zatha," anatero dokotala.

"Zatha?"

"Kalekale. Mayi, asiyeni tsopano."

Pabenchi anawomba m'manja. Mayi wina wachikulire anakoka mkazi wanga chitenje. "Achemwali, musapite kaye. Wanganso ndi ameneyu apa, mundigwirireko."

Ine ndinatola helemeti yanga n'kutuluka mutu uli m'mwamba. Pachipumi panali chotupa ngati dzira. Makutu akutentha. Tinakwera minibasi ndi mayi a Jeni. Iwo ankangoseka chamumtima, mapewa akugwedezeka.

Kutacha ndinapita ku shedi. Ndinayala zitsulo ziwiri, ndinagwedeza mutu, helemeti inagwa. Mzere uwo! Woonekera bwino kuyambira uku mpaka uko. Ndinawotcherera osapuma. Ndinagogoda zinyalala zake n'kuyang'ana. Wowongoka, wosalala, wosafuna gilayinda. Chidutswacho ndinachipachika pakhomo pa shedi. Makasitomala anabwerera okha.

Koma pabenchi paja panali munthu wa kwathu konkuno, ndipo nkhani inafika kumsika ine ndisanafike. Masiku ano ndikamadutsa, ogulitsa matabwa sanena moni. Amangogwedeza mutu kamodzi, mwamphamvu, wina n'kugwira mnzake makutu. Asiyeni. Mabedi amene amagonapo ndinawotcherera ndine. Ndipo ndikunenabe kuti khosi langa silinalakwe. Linachita zimene linaphunzira.

Dokotala anati diso lamanzere nalonso lidzafuna leza. Ndiye ndakonzekera. Ndapanga chogwirira mutu changachanga: felemu yachitsulo, mabawuti awiri m'mbali, siponji pomwe pakhudze makutu. Ntchito yaukhondo. Ndinawaonetsa mayi a Jeni. Anachizungulira, anachigogoda, kenako anayang'ana makutu anga nthawi yaitali.

"Chisiyeni chimenecho," anatero. "Ine ndilipo."

Ndachipaka penti. Ndipita nacho.