Bonongwe wa kumtsinje wa Don

Basi itaima pamdipiti wa magalimoto, mumsewu uja wotsata mtsinje wa Don, ndinauona: bonongwe wobiriwira, ali chilili kuseri kwa mpanda. Sindinauze munthu. Ndinangowaseka mumtima anthu a ku Toronto. Ndiwo zaulere zikukalamba kumtsinje, iwo ali kalikiliki kugula timasamba tofota m'timabokosi!

Lamlungu kunkabwera mayi ake a Yamikani, bwenzi langa, kudzandiona koyamba, ndipo funso lawo ndinkalidziwa: kodi mtsikana wa digiriyu ndiwo amazidziwa? Ndinati aona.

Loweruka ndinatsikira m'kanjira ka m'paki, jumbo m'manja, patapata kuphazi. Anthu akuthamanga popanda chowathamangitsa, agalu atavala majuzi, koma abale! Ine ndinagwada patchire n'kuyamba kuthyola, magalimoto akulirima pamwamba.

Mayi wina wa galu anaima. "Excuse me, that's poison ivy."

Poizoni? Bonongwe? Ndinamwetulira mwaulemu, mumtima ndikuti, inu ogona ndi galu pabedi mundiphunzitse ine ndiwo? Kufunsa ndinachita manyazi. Sindinaone kuti chala chawo chinkaloza timasamba titatutitatu tomwe ndinagwadapo. Ndinakhazikika pomwepo bwinobwino, thukuta lakumaso n'kumapukuta ndi manja omwewo. Munthu wa digiri!

Chitedze chakwathu chili ndi chifundo, chimakuuza nthawi yomweyo. Chitedze cha kunochi, poison ivy, chimadikira ufike kunyumba, utsuke ndiwo, udziyamikire.

M'mawa mwake ndinadzuka diso limodzi litatsekeka, masaya ngati mandasi, mawondo matuza okhaokha. Belu linalira. Ndinatsegula chitseko, kugwada n'kosatheka, ndinangopendekeka ngati mpando wothyoka mwendo.

Mayi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anatembenukira mwana wawo.

"Yamikani, wam'tani mwana wa eni?"

"Ine, Mayi? Inenso ndikumuona pompano!"

Ndinafotokoza zonse, uku ndikudzikanda. Mayi sanaseke. Anatsegula chikwama n'kutulutsa jumbo yodzaza.

"Mwanangu, bonongwe ali mbwee kuseri kwa nyumba yanga konkuno ku Markham. Ndimachita kuchonderera anthu kuti adzathyole."

Wanga uja anautaya atavala magolovesi, n'kuphika wawo m'khitchini mwanga, ine ndili pampando, thupi lonse mankhwala mbuu. Potsanzika anauza Yamikani mokweza kuti ndimve:

"Ndiwo akuzidziwa. Tchire ndi limene sakulidziwa."

Kumtsinje kuja sindidzagwadanso.