Mlendo Wofunsa Njira ya Kumanda Kwake

Nkhani iyi imandichititsa manyazi, koma poti pa boda ya Milange akuikamba mokokomeza, bola muimve kwa mwini wake.

Nditamaliza koleji ndinayamba ntchito pa ofesi ya boma yothandiza alendo, kachipinda ka mamapu ndi tebulo limodzi. Vuto langa linali manyazi. A chefe anali atandichenjeza kuti ndikapitiriza kuyankhula ngati ndikunong'ona, mpandowo aupereka kwa wina.

M'mawa wina kunagwa chiperoni, chifunga chokhachokha, phiri la Tumbine osaoneka. Ndinali ndekha. Podzutsa mutu, pakhomo paima agogo aamuna: jekete lakuda, khasu m'manja, makandulo m'thumba. Sindinawamve akubwera.

"Bom dia, agogo. Tikuthandizeni?"

"Menina, mtsikana iwe, chapa, minibasi ija ya ku Mongue, ikuimira pati masiku ano? Ndikupita kumanda."

"Pepani. Watisiya ndani?"

"Palibe. Ndi manda anga."

Ine ndinamwetulirabe. Ntchito.

"Mukunena a makolo anu?"

"Ayi, anga ine. Anandiika nthawi ya nkhondo, pamtanda pali dzina langa. Chaka chatha sindinabwere, udzu uyenera kuti wandimera mpaka kumutu."

Ananena zimenezi modekha, maso ali pa ine. Kenako anaponda phazi limodzi m'kati.

Mayo ine! Ndinasolola kabotolo ka madzi odalitsidwa m'chikwama, kuwakhuthulira onse kumaso, n'kudziponya pansi pa tebulo.

"Mzukwaaa! Thandizeni!"

A guarda a pageti anafika akuthamanga, a chefe pambuyo pawo. Atangowaona agogowo, a guarda anaseka mpaka kutsamira khoma.

"Awa? Awa ndi a Namakhwa a ku Muloza!"

Kani agogowo anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo. Abale atamva kuti aphedwa, anaika thunthu la nthochi m'malo mwa mtembo, monga mwa mwambo. Tsopano pa tsiku lokumbukira akufa amabwera kudzalambula pamenepo, chifukwa mandawo anagundizana ndi a mayi awo.

A chefe anasuzumira pansi pa tebulo. "Tuluka. Mpando ndi wako ndithu. Mawu uli nawo, amveka mpaka tsidya la mtsinje wa Ruo."

Agogo anapukuta nkhope ndi chipewa, n'kundiyang'ana mwachisoni.

"Mwanawe, mzukwa wanji woima pamzere kudikira chidindo cha pasipoti?"

Mlendo akakuuza za manda ake, yamba wamulozera chapa, kukomoka pambuyo.