Khonde lofiira la ku Bilston

Mpaka lero kunja kukazizira, dzanja lamanja la amake Mphatso limawawa. Likayamba kuwawa amangondiyang'ana, ine n'kudzuka kukawaterekera tiyi. Ndaona kuti nkhaniyi ndiikambe ndekha, chifukwa anthu akamaikamba kumaukwati ndi kumisonkhano ya Amalawi amaithira mchere wambiri.

Tinafika ku England kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000. Ndikati tinafika ndikudzikometsera. Anafika ndi amake Mphatso, amene analembedwa ntchito ya unamwino pachipatala china ku Wolverhampton, ine ndinangotsatira pambuyo ndi mwana ndi masutikesi. Kumudzi ndinali mphunzitsi wamkulu pasukulu ina ku Dowa, munthu woti ndikatsokomola kalasi yonse inkangoti zii. Kuno chitupa changa chinkanena poyera kuti ndine wodalira mkazi, ndipo ntchito yanga inali kulongedza makatoni. Amuna a anamwino tinalipo angapo, ndipo tikakumana kutchalitchi tinkasekana kuti ndife katundu wa amayi. Tinkaseka ndithu, koma mumtima zinkawawa.

Titatopa ndi lendi ku Whitmore Reans tinagula nyumba yakale ku Bilston. Anaipeza ndi mayi, anakayankhula ndi a banki ndi mayi, makatani anasankha ndi mayi. Ine ndinkafuna chinthu chimodzi chokha pakhomopo choti mkazi wanga azichiona n'kunena kuti ichi anapanga ndi abambo.

Kutsogolo kwa nyumbayo kunali bwalo la konkire loimikapo galimoto, lotsetsereka pang'ono kuchokera pachitseko kukafika kumsewu. Analiwaka ndi mwini nyumba woyamba, mkulu wina amene ankagwira ntchito kufakitale ya zitsulo isanatsekedwe. Linali litang'ambika ngati zidendene za m'chilimwe, udzu utamera m'ming'alumo. Tsiku lina mayi anapunthwapo, ndipo atalowa m'nyumba anati:

"Bambo a Mphatso, ndapeza number ya kampani ya ma-driveway. Abwere adzatipatse quote."

"Quote yachiyani ine ndilipo?"

"Inu? Zomangamanga munaphunzira liti?"

"Midadada iwiri ija ya pasukulu anaiyang'anira ndani?"

(Zoona zake n'zakuti ndinkaima chapatali ndi ambulera amisiri akugwira ntchito, koma kuyang'anira n'komweko.)

Anandiyang'ana kwa kanthawi, kenako anati: "Chabwino, ndakusiyirani. Ine changa n'chimodzi. Ndikamabwera ku night shift ndizidutsa bwinobwino ndikagone. Basi."

Ndinaitana anzanga awiri, onse katundu wa amayi ngati ine ndemwe. A Namaona, a ku Mulanje, ankakhalabe ku Whitmore Reans. A Tembo, a ku Chipata ku Zambia, ankachokera ku Aston ndi kagalimoto kawo kolira ngati chigayo. Malipiro awo anali kanyenya ndi tiyi, monga tichitira kwathu munthu akaitana anzake kudzamuthandiza ntchito.

Masiku Oweruka amenewo ndimawakumbuka ndi mtima wonse. Tinkaika wailesi pawindo, nyimbo za kwaya zikulira, ife tikusinthana hamala yaikulu, kuphwanya konkire wa mkulu uja. Tinkakangana za mpira, za ndale za kumudzi, za chigawo chimene chili ndi akazi odziwa kuphika. Chibwerere ku England ndinali ndisanasekepo choncho. Manja anatuluka matuza, msana unauma, koma madzulo ndinkalowa m'nyumba ngati munthu wochokera kumunda kwake.

Vuto loyamba linali zigumukirezo. Ine ndinaona kuti boma linatipatsa kale bini yaikulu ya matayala, ndiye tinangoidzaza. Anthu otola zinyalala atabwera, mmodzi anaikoka, osasuntha. Anaitana mnzake, osasunthabe. Anatsegula, anasuzumira, anayang'ana nyumba yathu n'kupukusa mitu, ulendo. Tinachita kubwereka chibini chachitsulo chobwera palole, ndipo miyala ija ndinaitulutsamo ndekha ndi manja. Munthu wanzeru akanayamba kudzikayikira pomwepo, koma ine kumutu kunali gwa.

Ndisanathire konkire watsopano ndinayenda mumsewu wathu wonse kuona mabwalo a anzanga. Onse anali okhakhala, ena a njerwa, ena a mizeremizere ngati munthu anasesapo ndi tsache simenti isanaume. Ndinawamvera chisoni azungu. Anthu opanga ndege, koma kulephera kusalaza simenti! M'maganizo mwanga munabwera makonde a kwathu, a nyumba za aphunzitsi ndi za abusa: ofiira, osalala, owala moti ukamadutsa umadziona. Ndinati Bilston ione khonde lenileni.

Tsiku lothira tinasakaniza simenti, mchenga ndi miyala, n'kuwaza pamwamba ufa wofiira uja amisiri amati okosaidi. Kenako ndinagwada ndi mpeni womangira, kusalaza, kubwereza, kusalazanso. A Tembo anaima atagwira m'chiuno.

"Mudala, manje ngati bonse mu street basiya rough, si kuti pali reason?"

"Ulesi basi, a Tembo. Ntchito za kontirakiti."

"Asiyeni achimwene amalize," anatero a Namaona. "Apapa pakhala ngati kwa a DC."

Masiku otsatira ndinkadzuka m'mamawa kuthirira simenti kuti ikhwime, n'kufunditsa makapeti akale poti masaka kunalibe. (Kuthirira simenti m'dziko loti mvula imagwa tsiku ndi tsiku. Aneba ankasuzumira pamakatani, ine n'kumawabayibitsa.) Itauma ndinapita kumsika wa Bilston kukasaka polishi wofiira. Ndinamupeza kwa mayi wina wachikulire, m'tizitini ting'onoting'ono. Kani kuno amapaka pakasitepe ka pachitseko pokha. Nditanena kuti andipatse katoni yonse, anatsitsa magalasi.

"How many steps have you got, bab?"

Ndinangomwetulira. Ndikanamufotokozera bwanji munthu woti sanaonepo khonde?

Ndinapaka, ndinakwecha ndi burashi ya kuphazi, ndinapukuta ndi juzi yakale. Dzuwa la mwezi wa Okutobala litatulukako pang'ono, bwalo lonse linangoti ngwee. Amake Mphatso atatsika basi anaima pageti, chikwama chili m'manja. Kenako anati: "Koma ndiye pakongola, bambo a Mphatso." Mawu amenewo ndinali nditawadikira zaka. Usiku umenewo ndinadya kawiri. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Zizindikiro zinalipo, sindinganame. Mphatso anayamba kutuluka ndi masokosi okha n'kumatsetsereka kuchokera pachitseko mpaka pageti, akukuwa, "Daddy, it's better than the park!" Wobweretsa makalata anasiya kudutsa pabwalopo, ankalambalala pakapinga ka aneba n'kudumpha mpanda. A Tembo atabwera tsiku lamvula, matayala a galimoto yawo anangozungulira pamalo amodzi. Ndinawauza kuti agule matayala atsopano. Ndipo poona kuti mvula ikuchotsa kuwala kuja, ndinawonjezera polishi.

Kenako kunabwera Disembala. Loweruka lina inali nthawi yathu yolandira mapemphero a m'makomo, ndipo Amalawi ambiri anali asanalione khonde langa. Lachisanu madzulo, mayi atapita kuntchito, ndinatenga ndowa n'kulitsuka lonse ndi madzi ambiri. Kumwamba kunali kopanda mtambo, ine n'kumathokoza Mulungu kuti mvula siiononga ntchito yanga. Sindinkadziwa kuti kuno kukayera choncho m'nyengo yozizira, madzi amagona ali madzi n'kudzuka ali galasi.

M'mawa ndinaima pawindo ndi kapu ya tiyi. Bwalo linkawala kuposa masiku onse, ndipo ndinadziyamikira. Ndinaona amake Mphatso akubwera kuchokera kokwerera basi, atavala chijasi pamwamba pa yunifolomu, akuyenda mwa munthu amene waima usiku wonse. Anatsegula geti. Phazi loyamba linaponda. Lachiwiri silinapeze pansi. Chikwama chinauluka, iwo n'kugwa cham'mbali, dzanja lili pansi pa thupi.

Ndinataya kapu n'kutuluka liwiro ndi patapata. Ndinangoponda kamodzi. Ndinagwa chagada n'kuyamba ulendo, kuwadutsa mayi pomwe anagonapo (tinayang'anana m'maso ndikudutsa, sindidzaiwala), kutuluka pageti lomwe anasiya chitsegulire, mpaka ndinakaimitsidwa ndi tayala la galimoto ya aneba. Patapata mmodzi sanapezeke mpaka lero.

Ndinabwerera chokwawa.

"Amake Mphatso, mwavulala?"

"Musandigwire. Wrist yapita iyi. Itanani taxi."

Mayi wa nyumba yoyandikana nafe, amene chisamukire tinkangopatsana moni wa mutu, anatuluka ndi gauni yogonera, n'kuyala mabulangete ake pabwalo kuti tipeze popondapo. Anamutenganso Mphatso kuti akhale naye.

Kuchipatala kwake kunali komwe mayi anali atangowerukako. Anzawo anatizungulira, wina kuwavula jasi, wina kuwagwira paphewa. Mkulu wa anamwino, mzimayi wamtali wa ku Jamaica, anafunsa kuti chachitika n'chiyani. Ndinkadziwa kuti akangoti mwamuna wanga anapaka polishi pabwalo, chipatala chonse chidziwa mtundu wa munthu amene anabwera naye kuchokera ku Africa. Amake Mphatso anandiyang'ana, kenako anati:

"Just ice. Outside the house."

Sanawonjezerepo kanthu. Akanandikalipira pagulu bwenzi zili bwino. Kundibisa kumeneko kunandipweteka kuposa msana womwe unali utasupuka, ndipo ndinapita kuchimbudzi kukalira.

Fupa linali litathyoka, anawaika chikhakha. Masabata amene anakhala pakhomo ndinaphunzira mantha enieni, chifukwa kukhala kwathu m'dziko muno kunkadalira dzanja lomwelo. Ndinkaphika, kuchapa, kuwamanga mpango, ngakhale kumuluka Mphatso tsitsi (aphunzitsi ake anafunsa ngati kunyumba kuli bwino). Mapemphero aja anasamukira kwa a Namaona, ndipo ngakhale mayi sanauze munthu, pofika Lamulungu tchalitchi chonse chinali chitamva. Mpaka pano pali anthu ku Wolverhampton amene dzina langa lenileni salidziwa, amangoti a Polishi.

Chisanu chitachepa ndinagula tchizulo. Anzanga aja anadzipereka kuti adzandithandize, koma ndinakana. Wailesi sindinaike. Ndinagwada pageti n'kuyamba kugoba mizere pabwalo langa, kulikhakhalitsa ndi manja omwe analisalaza. Ntchito inatenga masiku ambiri, ndipo mayi ankakhala pawindo, dzanja lili pachifuwa. Ndinkati basi, pakhomo pano sadzandisiyiranso ngakhale kukhoma msomali.

Tsiku lomaliza ndinafika pachitseko, pakamalo kamene kanali pansi pa kadenga, kokwana mkeka umodzi. Nditangoika tchizulo ndinamva kugogoda pagalasi. Anali iwo, akugogoda ndi chikhakha. Anatsegula windo.

"Apopo pasiyeni."

"Mukufuna muthyokenso linalo?"

"Mvula sifikapo. Winter muziyalapo mat." Anayang'ana pofiirapo. "Ndikamachokera ku night, ndikangoona pofiirapo ndimakhala ngati ndafika kwa amayi ku Mponela. Mukuganiza kuti wosowa kumudzi ndinu nokha?"

Ndinakhala pansi pomwepo, tchizulo chili m'manja. Zaka zonsezo ndinali wotanganidwa ndi ulemu wanga moti sindinawafunsepo ngati nawonso kwathu amakukumbuka.

Chilimwe chitafika anavula nsapato n'kukhala pakamalo kaja atatambalala, akusadzula masamba, magalimoto a azungu akudutsa. Ine ndinakhala pambali pawo. Mmene tinkakhalira awiri malo ankachepa, moti mwendo wanga umodzi unkakhala pokhakhala paja.

Phunziro ndinalitola: ukaona mudzi wonse ukuchita chinthu chooneka chopusa, yamba wafunsa. Koma ndinalitola theka. Nyumba ija tinaigulitsa kalekale, a Namaona anabwerera ku Mulanje, a Tembo anatisiya. Kumene tikukhala pano kuseri kuli kabwalo ka konkire kong'ambika, ndipo sabata yatha ndinangotchula kuti kakufunika kukonza. Amake Mphatso anati ndikhoza kuyamba, bola iwo akhale ndi kiyi wa kabati ya polishi.