Jombo za Apongozi Zitalowa mu Filimu

Anzanga olemba mabuku amati tsiku limene buku lako lasanduka filimu ndi tsiku la chikondwerero. Ine tsiku limenelo ndinalithera pansi pa matumba a mbatatesi, ndikulapa machimo. Zimene ndinene pano ndi zoona zokhazokha. Ndikawonjezapo, mphenzi ing'ambe cholembera changa.

Ndinakwatira ku Mlangeni. Apongozi anga aamuna, a Ngozo, anagwira ntchito m'migodi ya ku Joni. Akakhosomola, nkhuku za mudzi woyandikana nawo zimasiya kuikira (ndinakafunsa eni nkhukuzo). Mwaulemu wake, mkamwini sayang'ana apongozi m'maso, choncho zaka zonsezi ine ndakhala ndikucheza ndi jombo zawo. Nkhope sindikanaichitira umboni, koma jombo ndimazidziwa: yakumanzere ili ndi chigamba chofiira cha chubu cha njinga, yakumanja imalira ngati kamwana ka mbuzi.

Ndiye polemba buku langa lachitatu ndinafuna munthu woopsa wozunza mphunzitsi wosauka. Ndinamupatsa dzina lina, mudzi wina, mpingo wina. Koma pofotokoza maonekedwe ake, dzanja linangolemba zimene maso amadziwa. Masamba atatu, jombo zokhazokha. Sindinade nkhawa. Apongozi sawerenga zopeka, amawerenga za pa thumba la feteleza basi.

Kenaka kunabwera ojambula mafilimu ochokera ku Lilongwe kudzapempha bukulo. Ndinavomera mano onse ali pamtunda, osadziwa kuti anthu aja sadumpha tsamba.

Filimuyo tinakaionera m'kanyumba ka mavidiyo pamsika, Loweruka masana. Itangoyamba, galasi lonse jombo. Chigamba chofiira. Kenaka, "mee, mee." Mayi wina wogulitsa kabichi anafuula, "Iii! Si a Ngozo awa?" Nyumba yonse inapotoloka kuyang'ana ine. Ndinatulukira pa zenera loti ngakhale mphaka amadutsapo chammbali (zeneralo lilipobe, mukaliyeze).

Mayi a kunyumba anandipeza kuseri kwa nyumba yathu, m'matumba a mbatatesi muja.

"Tulukani, abambo. Ababa akukufunani."

"Kawauzeni kuti ndatsikira ku Bwanje."

"Miyendo yanu ikuoneka."

"Chibonga atenga?"

"Akuchipaka mafuta."

Popita kumeneko ndinkapemphera mofuula mwakuti ku Nzama anthu anayamba kulowa m'tchalitchi poyesa mapemphero ayamba. Ndinagwada chapatali, maso pa jombo. Chibonga chinali chigonere pakati pa jombozo, chili nyezinyezi. Ndinayamba kulingalira amene adzamalize buku langa lachinayi.

"Akamwini."

"Wawa."

"Jombo zija ndi zanga."

"Zimangofanana, bambo, m'sitolo zili mbwee..."

"Ndi zanga. Anthu anu aja anadzabwereka, ndinawapatsa ndekha. Anawalondolera ndi mwana wangayu."

Ndinaba diso kuyang'ana mayi a kunyumba. Anali kalikiliki kusankha nyemba zosankha kale.

"Chimene ndakuitanirani ndi cha kumapeto kuja," anapitiriza apongozi. "Kamphunzitsi koonda ngati nsungwi kakugwetsa mwini jombo m'matope, anthu akuwomba m'manja. Ine ku Joni mwala unandigwera pamutu, unasweka ndi mwalawo. Kamphunzitsi kaja ndinu?"

"Ndi nkhani yopeka, bambo."

"Mukaipekenso."

Ojambula aja anabweranso, ndipo maganizo osintha matherowo anawakonda moti anandiiwala kuti ndine mlembi. Apongozi anavala jombo zawo kusewera okha gawo lawo. Mphunzitsi ndinali ine. Apongozi atandinyamula n'kundimenyetsa m'matope a m'dimba, wa kamera anati mtambo waphimba dzuwa, tibwereze. Tinabwereza kasanu ndi kawiri. Mpaka lero pamalopo pali chithaphwi chooneka ngati msana wanga, ndipo abakha amasambamo.

Ndili chagada m'matopemo ndi pamene ndinaona nkhope ya apongozi anga koyamba. Amaseka bwino, abale. Ali ndi dzino lagolide.

Ndinatolapo phunziro: za jombo sindidzalembanso. M'buku limene ndili nalo panopa, woipa wake ndi mayi woyenda wopanda nsapato, wa chala chachikulu chokhota ndi ming'alu itatu kuchitendene. Mayi a kunyumba awerenga tsamba loyamba m'mawa uno, alipinda bwinobwino n'kundibwezera.

"Awa ndi mapazi a amayi," atero. "Matumba aja akadalipo kuseri."