A Mpataulipo ndi makhadi achikasu

A Mpataulipo anakhala mumsewu wathu zaka makumi atatu, ndipo pa zaka zonsezo palibe anawamvapo akuvomera kuti timu ya dziko yatuluka mumpikisano. Timu ikakwapulidwa zigoli zitatu, amuna n'kumadzuka pabenchi nkhope zili pansi ngati akuchokera kumanda, iwo ankakanda chibwano ndi sikuludiraiva n'kunena kuti mpata ulipo. Dzinalo linachokera pamenepo, ndipo lenileni linaiwalika.

Ntchito yawo inali yokonza mawailesi ndi ma TV. Shopu inali kachipinda kamodzi kodzaza mawailesi amene eni ake anatopa kuwalondola, ndipo chitseko cholowera kuchipinda chakumbuyo anachipaka utoto wakuda kuti chikhale bolodi. Kuseri kwa chitsekocho kunali makina osokera a mkazi wawo, Mayi Telala, mayi wofatsa wa kwaya, amene mpira ankaumva ngati mvula padenga: phokoso chabe.

Mpikisano wa mayiko ukayamba, chitsekocho chinkadzaza mizere ya choko. Gulu lililonse matimu anayi. Kupambana ndi mapointi atatu, kulepherana ndi imodzi, kugonja, iwo ankati, ndi moni wa kwanu. Awiri apamwamba amapitirira. Zimenezi ngakhale mbuzi ikhoza kuzidziwa, ankatero. Nzeru zimayambira pamene matimu afanana mapointi. Mayi Telala akafuna kutuluka kukagula ulusi ankayamba agogoda, chifukwa tsiku lina anatsegula mwadzidzidzi n'kufufuta gulu lonse lachitatu ndi phewa la mwamuna wawo.

Mdani wawo wapamtima anali Ometa a shopu yoyandikana, munthu amene ankaitulutsa timu nyimbo ya fuko isanathe. Chaka china wailesi inalengeza kuti tatuluka chifukwa cha kuchepa kwa zigoli. Ometa analumbira kuti ngati sizoona ameta ndevu zawo zomwe, zimene anazisunga chikwatirire. A Mpataulipo anatulutsa nyuzi yakale m'kabati n'kuwerenga pang'onopang'ono kuti mumpikisano umenewo matimu akafanana amayamba kuona amene anagonjetsa mnzake atakumana, zigoli pambuyo. Pasanathe ola wailesi inapepesa. Ometa anayenda mwezi wathunthu ndi chibwano chotuwa ngati dzira, ndipo kuyambira pamenepo a Mpataulipo ankakhulupirira chitseko chawo kuposa wailesi iliyonse, ngakhale imene aikonza okha.

Chitsekocho sichinkapuma ngakhale mpira kulibe. Mwana wawo wamkazi atafunsiridwa ndi amuna atatu, bambo ake anawaika pagulu: kupereka moni mwaulemu mapointi atatu, kubwera chimanjamanja ziro. Poti gulu limafuna anayi, pamzere womaliza analembapo Umbeta, ndipo Umbeta unatsogola masabata awiri.

Chaka chimene anatisiya, mpikisano unali wa matimu makumi awiri ndi anayi m'magulu asanu ndi limodzi. Kutatsala masiku ochepa kuti uyambe, adokotala anapeza chotupa m'mimba mwawo. Anati chikufunika mpeni msanga, ndipo dokotala wa opaleshoni amabwera pachipatalapo Lachinayi limodzi pamwezi. A Mpataulipo anayang'ana kalendala ya pakhoma n'kupukusa mutu. Mayi Telala anawadandaulira njira yonse yobwerera, mpaka bamboyo anaima pakati pa msewu.

"Chabwino, amayi. Timu ikatuluka, tsiku lotsatira ndikagona pabedi lawolo. Ikakhala ili momwemo, msewu sindiusiya m'manja mwa Ometa."

Mayi Telala anakafunsa Ometa, amene anawatsimikizira kuti ndi osewera amenewa sitingagonjetse ngakhale timu ya agogo. Masewero a m'magulu ankatha Lachitatu, dokotala ankabwera mawa lake. Mayiyo anavomera pangano.

Masewero oyamba tinagonja chimodzi kwa duu. Achiwiri, ziwiri kwa chimodzi. Mayi Telala anatsitsa chikwama pamwamba pa kabati n'kuyamba kupindamo malaya ogonera. Mwamuna wawo anawapeza akutero, n'kuwauza mwachifundo kuti m'mpikisano uno matimu anayi mwa asanu ndi limodzi othera pachitatu amapitiriranso. Mayiyo anaganiza kuti akuwapusitsa. Tsiku limenelo anatenga mpando wa pamakina n'kukakhala kutsogolo kwa chitseko, pakati pa amuna, n'kunena kuti awaphunzitse zonse, asasiye kanthu.

Anaphunzira ngati munthu wothamangitsidwa ndi galu. Pofika Loweruka ankadziwa kuti othera pachitatu amawayerekeza mapointi, kenako kusiyana kwa zigoli zomwetsa ndi zomwetsedwa, kenako kuchuluka kwa zomwetsa. Anafunsa kuti nanga zonsezo zikafanana. Mwamuna wawo anasekerera ngati mphunzitsi amene wapeza mwana wanzeru atatsala pang'ono kupuma ntchito, n'kuloza pansi pa chitseko pamene ankalemba makhadi: wa achikasu ochepa ndiye amapita, ndipo akafanananso pamenepo amachita maere.

Chovuta chinali pemphero. Mayi Telala anali asanapempherepo kuti munthu aliyense agwe, koma tsopano ankagwada pafupi ndi makina osadziwa poyambira. Kupempha kuti dziko lako ligonje n'kulakwa kodi? Anayesa kuzungulira, n'kupempha kuti goloboyi wa adani akhale ndi manja abwino. Lamulungu masana goloboyiyo anaphonya mpira umodzi, tinapambana chimodzi kwa duu, ndipo msewu wonse unavina. Mayiyo anakhala pampando wawo akuwerengera pa zala: mapointi atatu, zomwetsa ziwiri, zomwetsedwa zitatu, malo achitatu.

Panatsala kudikira magulu ena. A Mpataulipo anali atayamba kulemba atakhala pansi, lamba atamuboola mabowo awiri atsopano. Pofika Lachitatu matimu atatu a pachitatu anali atadutsa ndi mapointi anayi, imodzi itagwa ndi awiri. Malo anatsala amodzi, ndipo ankalimbirana ndife ndi timu ina ya malaya obiriwira, ya dziko limene Mayi Telala sankadziwa n'komwe kuti lili mbali iti. Ife makhadi tinali nawo asanu. Obiriwirawo, asanayambe masewero awo omaliza, anali nawo anayi.

Chigawo chachiwiri chitangoyamba, ululu unawapinda a Mpataulipo. Ometa anawanyamula n'kukawagoneka kumbuyo, patebulo lodulirapo nsalu. A Mpataulipo anagwira mkazi wawo dzanja n'kuwauza kuti abwerere kuwailesi, wina akhale akumvera. Mayiyo anabwerera. Amuna ankangokuwa za zigoli, koma iwo ankatchera khutu ku mawu amodzi okha, ndipo woyimbira akatulutsa khadi kwa wobiriwira ankabaya pini pakolala ya diresi lawo, monga ankachitira poyeza kasitomala.

Masewero anatha dzuwa likupendeka. Obiriwira anathera pa mapointi atatu, zomwetsa ziwiri, zomwetsedwa zitatu, ndendende ngati ife. Woulutsa anasokonezeka, n'kunena kuti akuluakulu a mpikisano alengeza mawa. Amuna onse anakhamukira kuchipinda chakumbuyo, kumene a Mpataulipo anagona pakati pa zidutswa za nsalu, thukuta lili kamukamu. Bamboyo anafunsa za makhadi. Wina anati sanamve kanthu. Ometa anati mwina imodzi, mwinanso inali ya timu inayo. Galimoto ya mlamu wa Ometa inali italonjezedwa kale kuti ifika m'mamawa kudzawatengera kuchipatala, ndipo chikwama chinali pansi pa tebulo lomwelo.

"Amayi," anatero a Mpataulipo, "angati?"

Mayi Telala anadziwa bwinobwino masamu ake. Akanena kuti palibe, obiriwira atsala ndi anayi, ife asanu, tatuluka, ndipo pamene akuluakulu azidzalengeza bamboyo adzakhala ali kale m'manja mwa dokotala. Palibe akanawatsutsa m'chipindamo. Anaphimba kolala ndi dzanja, mapini awiri akuwabaya m'chikhato. Anatsegula pakamwa kuti anene mawu amodziwo. Koma lilime limene layenda mowongoka zaka makumi asanu lili ngati makina akale, silidziwa kukhota.

"Awiri," anatero.

Amuna anatuluka akukuwa mumsewu. A Mpataulipo anatseka maso akumwetulira, n'kunena kuti asanu ndi limodzi kwa asanu, tapulumuka chifukwa cha ulemu. Mkazi wawo anagwada pambali pa tebulo n'kuwapempha kuti apitebe, pangano likhale pambali. Bamboyo anawasisita paphewa n'kuwauza kuti munthu amene wawerenga makhadi molungama chonchi sangafune kuti mwamuna wake aswe malamulo a mpikisano. M'mamawa galimoto inabwera n'kubwerera yopanda munthu.

Lamulungu lotsatira tinakwapulidwa zinayi kwa duu, ndipo kumeneko kulibe mapointi, wogonja amangolongedza. A Mpataulipo ananyamula okha chikwama Lolemba, monga analonjezera, koma dokotala wa opaleshoni anali atapita. Anamudikira masabata atatu ali m'wodi, akuika odwala anzawo m'magulu malinga ndi kutentha kwa thupi, mpaka anesi anawalanda cholembera. Dokotala atabwera anatsegula, n'kuona, n'kutsekanso. A Mpataulipo sanathe masiku khumi.

Mayi Telala anafunsa adokotala ngati mwezi umodziwo ukanasintha kanthu. Anayankha kuti mwina, mwinanso ayi. Anafunsa abusa ngati bodza limenelo likanakhala tchimo. Abusa anati choonadi sichilakwa, koma ananena akuyang'ana nsapato zawo.

M'shopu muja tsopano muli wogulitsa mafoni, ndipo chitseko anachipaka utoto woyera. Masiku a mpira aliyense amayang'ana kafoni kake, timu ikagonja anthu amangomwazikana osatsanzikana. Ometa alibe wotsutsana naye, ndipo anayamba kumeta anthu ali chete, zimene makasitomala akuti n'zoopsa kuposa phokoso lija.

Mpikisano wotsatira timu inagonjanso masewero awiri oyamba. Ometa anazungulira kuchipinda chakumbuyo nyuzi ili m'manja, n'kuima pakhomo mwamanyazi.

"Alamu, inu mumazidziwa izi. Tatuluka?"

Mayi Telala anangoponya diso kamodzi patsambalo, phazi lili pamakina. Anaona msanga kuti tikapambana ndi zigoli ziwiri, gulu lachisanu n'kutha molepherana, tidutsa.

"Mwatuluka," anatero. "Pitani mukagwire ntchito."

Ometa anathokoza n'kubwerera. Mayiyo anaimitsa makina, akudabwa kuti bodzalo latuluka mosavuta chonchi.